Dontho la a Bester

"Ndiye ukuti madzi akachuluka, mankhwala amakula mphamvu?"

"Ndi momwe anandiuzira mlendoyo, asibweni," anatero Tiwonge, mwana wa mlongo wa a Bester, amene ankaperekera zakudya pa loji ina ku Kande. "Dontho limodzi m'madzi, mukhutchumule, mumwe."

A Bester anali atachitidwa opaleshoni ya matumbo, ndipo chibwerereni kuchipatala m'mimba mwawo munangoti zii. Adokotala anawalamula kudya phala lamadzimadzi lokha mpaka atapita kuchimbudzi. Kondowole ayi. Akazi awo, a Elube, ankasunga lamulolo ngati lochokera m'Baibulo, moti munthu wamkulu uja ankagwetsa misozi akamva fungo la chinangwa kwa aneba.

Tiwonge atawabweretsera kabotolo ka mankhwalawo, a Bester anayesa dontho m'kapu. Zii. M'ndowa. Zii. Mumgolo wa madzi amvula, m'mimbamo munangolira kamodzi ngati chitseko chakale, basi.

"Mwaona? Zikusuntha," anatero a Bester. "Chachepa ndi chiwiya."

M'mawa mwake anatsetsereka kunyanja pang'onopang'ono, dzanja lili pabala. Anadonthetsa dontho limodzi, navundula ndi nkhafi mpaka thukuta kamukamu, kenako anamwa zikho zitatu pomwe amayi anali atangotsukirapo mbale.

Pobwerera sanayende pang'onopang'ono ayi.

Atatuluka m'chimbudzi, nkhope ikuwala, anayimba nyimbo ya kutchalitchi yonse mpaka ameni.

"Ada, si mankhwala amenewo," anatero a Elube. "Mwamwa madzi osawiritsa."

"Iwe sudziwa sayansi. Nyanja yonseyi tsopano ndi mankhwala, mpaka ku Usisya. Wongolawako pang'ono, ameneyo wapita kuchimbudzi."

A Elube anaphika kondowole wonyezimira, wonanda bwino, nayika pambali pake batala wootcha, nsomba yonona mafuta. A Bester anasamba m'manja mpaka m'zigongono. Anatema mbamu, nayiumba, nayilozetsa kunsomba.

"Ameneyu wagwidwa masana ano," anatero a Elube, akukhala pamphasa. "Kuyambira m'mawa wakhala akumwa mankhwala anu aja. Inu zikho zitatu zokha mwathamanga chonchija. Nanga iyeyu wamwa zingati?"

Dzanja la a Bester linaima m'malere. Akati nyanja ilibe mankhwala, ndiye kuti akazi awo apambana. Akati ilinawo, ndiwo zapita. Anayang'ana Tiwonge kuti awathandize, koma iye anali atayamba kale kusamba m'manja.

A Elube anakokera mbale ya nsomba ija kwa iwo eni.

"Mudya kapena tidye?"