37 Sigawika

Kaundula wa Sitandade 5 ankati ana alipo 36, koma m'kalasi mwanga munali mitu 37. Wowonjezerayo anali Rose, mwana wa a mpingo wa Mboni wochokera ku Ntaja. Makolo ake adathawira ku Mozambique atawatenthera nyumba chifukwa chokana khadi la chipani ndi nyimbo zake, ndipo ine ndidamusunga ngati m'bale wa akazi anga. Dzina lake sindikanalilemba, pakuti makaundula ankayenderedwa pofunafuna ana a othawa.

Lachinayi lina m'mawa a Feston, wapampando wa chipani m'mudzi wathu kufupi ndi Ulongwe, adatulukira pasukulu osatiuza. Adati akufuna aone ana anga adzaima bwanji Loweruka ku Balaka pamaso pa mlendo wamkulu. Bamboyo sukulu adalekezera panjira, koma kuwerenga mitu ankakudziwa ngati mwini mbuzi. Adatsegula kaundula, n'kulamula kuti ana atuluke, apange mizere 6 ya ana 6.

Nambala ya 36 ndi yofatsa: igaweni pawiri, patatu, panayi, pasanu ndi kamodzi, imangovomera. Koma 37 ndi nkhutukumve. Imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, ndipo pamizere yonse ija imakusiyirani mmodzi ali chilili poyera. Sabata yomweyo ndinali nditaphunzitsa zimenezi pabolodi, ndikuseka.

"Iyayi, a tcheyamani," ndidatero. "Mizere aliyense adzabwera nayo. Ife takonza zozungulira."

Sitidakonze kalikonse. Ndidakoka Rose padzanja n'kumuimika pakati pa bwalo. Momuzungulira ndidaika ana 6, kunja kwawo 12, kunja kwenikweni 18. Anawo adandimvera mwakachetechete, osayang'ana mnzawoyo ngakhale pang'ono, ndipo ndidawakonda tsiku limenelo kuposa kale lonse.

A Feston adazungulira akuloza mitu ndi ndodo yawo. Adaphatikiza manambalawo, milomo ikugwedera, napeza 36. Kenaka ndodo ija idaloza pakati.

"Nanga uyu?"

Ndidati ameneyo ndi chikhomo chabe, chonga chimene timakhoma pansi pojambula malo a nkhokwe, ndipo ndangomubwereka ku Sitandade 4 kuti anzake asakhotetse bwalo. Bodzalo lidatuluka losalala moti ndidachita nalo manyazi.

A Feston adamuyang'ana Rose nthawi yaitali. Mwanayo maso adali pa zala za kumapazi. Ndikanakonda akanatukwana, chifukwa kukhala chete kwa a Feston kudasamutsapo mabanja.

Mwadzidzidzi adaseka. Adati chinthu chokongola chotere sadachionepo, a masukulu enawo adzachita manyazi ndi timizere tawo, ndipo dzina lawo lidzamveka mpaka ku boma. Adandigwira chanza mwamphamvu, natenga njinga yawo.

Atakwera kale, adatembenuka.

"Aphunzitsi a Hilary, chikhomo chanucho musachisinthe. Loweruka aime pomwepo, aliyense amuone. Nyimbo ya chipani adzayambitse ndi iyeyo."

Njinga idapita. Ana 36 adandiyang'ana ine, ine ndidayang'ana Rose. Nyimbo imeneyo bambo ake adalolera kuti nyumba ipse osaiimba.

"Aphunzitsi," adatero motsitsa mawu, "ine sindidzaimba."

Ndinkadziwa kale. Ndipo amene adamuchotsa kumapeto kwa mzere n'kumuika pakati ndinali ine ndemwe.