Nsapato za a Genzo Paphompho

A Kinuyo anali pakhonde akumangirira zipatso zotchedwa kaki pachingwe kuti ziume, pamene a Tomie anatulukira akuthamanga. Tsono a Tomie kuthamanga si chinthu choona tsiku ndi tsiku. Mayi ameneyo msana unapindika kalekale ndi kutola ndere za m'nyanja, amayenda ngati wataya singano. Koma tsiku limenelo anafika ali wefuwefu, dengu atalisiya kaya kuti.

"Kinuyo iwe! Amuna ako ali kuti?"

"Angakhalenso kuti? Kojambula zinyalala zawo zija."

"Nsapato zawo zili kuphompho."

A Kinuyo anasiya chingwe. "Zili bwanji?"

"Zili bwinobwino, mnzanga. Zogundizana, zaloza kunyanja. Chipewa pamwamba."

Kwathu kuno nsapato sitivula chisawawa ayi. Mwana asanadziwe kupukuta mamina amakhala atadziwa kale kuika nsapato zake moyandikana pakhomo. Koma nsapato zoikidwa mwaulemu chonchi pamwamba pa phompho, aliyense amadziwa tanthauzo lake: mwini wake watsanzika dziko, wadziponya.

Zipatso zinagubuduzika pakhonde ponse. A Kinuyo sanatole ndi chimodzi chomwe.

Mukanawadziwa a Genzo simukanati mayiyu wafulumira kuganiza zoipa. Bamboyo moyo wake wonse unali m'boti. Msana utakana, boti linagulitsidwa, ndipo pakamwa pawo panapita nalo limodzi. Ankangokhala pawindo ali ndwii, kuyang'ana maboti a anzawo akutuluka. Ukawafunsa kanthu, yankho linali "mm". Mwana wawo Rie, amene ali kutauni, ndiye anawatumizira kamera ndi nsapato zatsopano zoyendera, ati bambo aziwongola miyendo. Basi chiyambire nyengo yoti masamba afiire, m'mawa uliwonse ankatsika ndi kanjira ka m'mbali mwa nyanja. Pobwera, "mm" yemweyo.

A Kinuyo anathamanga ndi epuloni yomwe. Anadutsa minda ya mpunga yokololedwa kale, ziputu zokhazokha. Udzu wa ngayaye zoyera unkawakwapula kumaso. Phiri lonse linali psuu ngati lagwira moto, lija anthu a kutauni amabwera pabasi kudzaliona, koma iwo sanalione n'komwe. M'mutu mwawo munali msuzi wa dzulo. Dzulo madzulo a Genzo anaika mbale pansi nati, "Wakoma. Zikomo." Munthu amene chikwatiranireni sanayamikepo ngakhale madzi akumwa! A Kinuyo anangoti mwina ukalamba wayamba kuwafewetsa. Tsopano anaona kuti kunali kutsanzika, ndipo iwo, chitsiru cha mkazi, anayankha kuti, "Mwamwa mowa kodi?"

Pokhota njira pali kafano kamwala kovala kansalu kofiira. A Kinuyo anakaweramira osaima, nakalonjeza zinthu zambirimbiri zimene sindingazitchule pano, poti mpaka lero sanapereke.

A Tomie ankabwera m'mbuyo akufuula. "Ndawauza kale a zozimitsa moto! Akubwera ndi zingwe!"

Nsapato zinalidi pomwepo, pamwala wosalala. Zoyera mbee, zingwe zake atazilowetsa m'kati. A Kinuyo ananyamula chipewa chija. Mu nsapato imodzi munali wotchi. Mu inayo munali kachipangizo ka m'khutu kamene kamawathandiza a Genzo kumva, poti injini ya boti inawagonthetsa. Munthu wosiya ndi khutu lomwe, ndiye kuti sakufunanso kuitanidwa.

"Usayang'ane," anatero a Tomie. "Dikira amuna abwere."

"Amuna ake ati? Wanga ali pansipa."

A Kinuyo anagona chafufumimba, nakwawa mpaka kumapeto kwa mwala, nasuzumira.

Madzi anali ataphwera kutali, miyala yonse ili poyera. Ndipo a Genzo anali pomwepo, atagona chafufumimba pamwala wakuda, nkhope pansi, buluku lopindidwa mpaka m'maondo, mapazi ali mbuu ngati mimba ya nsomba. Osagwedezeka. A Kinuyo anangoyang'ana mapaziwo, mapazi oipa aja a zikhadabo zokhota, amene usiku uliwonse wozizira amawagunda nawo m'zofunda.

Kenaka phazi lakumanja linadzuka pang'onopang'ono, n'kuyamba kukanda katumba ka mwendo wamanzere. Linakanda, linakanda, n'kubwerera pamalo pake.

"Tomie," anatero a Kinuyo motsitsa. "Kodi maliro amadzikanda?"

"Ati chiyani?"

"Ndikuti galu ameneyu ndi wamoyo."

Cha kumbali kuli kanjira ka asodzi kotsetsereka, kamene a Kinuyo anasiya kutsikako ali mtsikana. Tsiku limenelo anatsika chokhala, nsapato imodzi ya a Genzo ili m'manja, miyala ikuwatsogolera. Anafika, naima pamutu pa amuna awo. A Genzo osadziwa kanthu, diso lili pa kamera, kamera yaloza m'kadziwe ka madzi otsalira pakati pa miyala.

Nsapato inatera pamsana. Phwa!

A Genzo anadzambatuka. "Aaa! Mayi ake Rie! Mwandithawitsira nkhanu!"

"Nkhanu?"

"Mukuti chiyani?" Munthu wogontha amayesa onse ndi ogontha, ndiye anali kukuwa ngati ali pakati pa namondwe.

A Kinuyo anapisa mu nsapato ija, natulutsa kachipangizo, nakakankhira m'khutu mwa amuna awo mopanda chisoni. "Tsopano mukumva? Ndikufunsa, nsapato zija mwaziika bwanji pamwamba paja?"

"Ndaziika bwino."

"Ndiye vuto lake limenelo, bambo inu!"

"Nanga n'zatsopano, mumafuna zilowe madzi amchere? Rie akanati chiyani? Wotchi ndi kam'khutuka n'chimodzimodzi, sizigwirizana ndi madzi." Anayang'ana m'mwamba, naona a Tomie atasuzumira, manja ali kumutu. Anayang'ananso akazi awo, tsitsi lili nyankhalala, epuloni yong'ambika, misozi ili chuchuchu. Pakamwa panati yasa. "Ooo. Mwayesa kuti..."

"Nanga zikomo wa dzulo uja anali wa chiyani?"

"Wa msuzi."

"Msuzi basi?"

"Unakoma. Ndalakwa kodi? Sindidzabwerezanso."

A Kinuyo anakhala pansi pamwala wonyowa. Anayamba kuseka, kuseka kwake kosakanikirana ndi kulira, mpaka kutsokomola. A Genzo anaima pambali ngati mwana woswa mbale. Kenaka, posowa chochita, anagwada nawaonetsa kagalasi ka kuseri kwa kamera.

"Taonani. Masamba ofiirawa amatsika ndi kamtsinje ako, madzi akaphwera amatsalira m'kadziwemu. Ndiye pali kankhanu kena, kochepa ngati chala, kamakoka tsamba limodzi kupita nalo kuuna kwake. Silikwana pakhomo. Kamalitembenuza, kamalikoka, silikwana. Dzulo kanalimbana nalo mpaka madzi anabwerera. Lero katenga lalikulu kuposa ladzulo! Kopusa kwabasi. Nsombazi ndazipha moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa kuti pansi pa phompho lathu lomweli pali zitsiru zotere."

Chithunzicho, kunena zoona, chinali choipa. Theka lake chinali chala cha a Genzo. Koma a Kinuyo sankayang'ana chithunzi, ankayang'ana pakamwa. Mawu onsewo, chigulitsireni boti, anali kuti?

Pamwamba panamveka galimoto ndi mapazi. Amuna a gulu lozimitsa moto a m'mudzi mwathu anafika ndi zingwe ndi machira, ena atasiya maukonde osasoka, wina sopo ali kutsaya limodzi. Anasuzumira. Mkulu wawo, a Shimpei, amene ankapalasa boti limodzi ndi a Genzo ali anyamata, anakuwa.

"Genzo! Wafa kapena sunafe? Tiuze msanga, mpunga wanga ukupserera!"

"Sindinafe!"

"Ndiye kwera, tidzakuphe ife!"

A Genzo anakwera, nawerama pamaso pa aliyense payekhapayekha kupepesa, mapazi ali pamtunda, buluku lili m'maondo. A Tomie anawauza kuti dengu lawo la ndere likapezeka litapita ndi madzi, akatola okha zina, ndi kamera yawoyo pakhosi. A Shimpei anati ulendo wina azivula nsapato ngati munthu wamoyo, ina kuponya uku, ina uko.

Anthu atabalalika, a Genzo anatambasula dzanja kuti alandire nsapato zawo. A Kinuyo anazipanira m'khwapa zonse ziwiri, nayamba ulendo.

"Mayi ake Rie, njirayi ndi ya miyala."

"Ndikudziwa."

Anabwerera choncho, mkazi patsogolo, mwamuna m'mbuyo akudumphadumpha ngati khwangwala pamchenga wotentha. Koma pakamwa sipanatseke. Anali kufotokozabe za kankhanu kaja, kuti mawa madzi aphwera mochedwerapo, kuti kali ndi dzanja limodzi lalikulu lina laling'ono, kuti mwina ndi kakakazi poti sikamva zonena anthu. A Kinuyo sanacheuke. Anangochepetsa liwiro pang'ono, kuti mphepo isawabere mawu ena.