Mwala wa Amayi pa Mtsinje wa Tamsui

Yueh-chiao anagwira mchimwene wake Tien-sung pachigongono n'kumukweza masitepe a nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Tamsui. Mkuluyo maso anali atachita khungu zaka zitatu zapitazo, koma pakamwa panali pakadali pakuthwa.

"Ukundikoka ngati njati yolimira mpunga, iwe A-chiao."

"Njati imamva, achimwene. Kwezani mwendo."

Mayi awo anamwalira Yueh-chiao ali ndi masiku atatu, osasiya chithunzi n'chimodzi chomwe. Koma Tien-sung ankalumbira kuti m'nthawi ya ulamuliro wa Ajapani, mphunzitsi wina anakhala pagombe ndi kaburashi ndi utoto wosungunula m'madzi, n'kujambula mayi awo akuchapa, iye, ali kamnyamata, ataima pambali akuonerera. Moyo wake wonse Yueh-chiao ankaiyesa nthano ya mwana wamasiye. Atamva pa wailesi kuti zojambula za mphunzitsiyo zapezeka ndipo zikuonetsedwa, manyazi anamugwira. Mawu a akulu akoma akagonera.

Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, mlongoyo akutchula zomwe akuona pazithunzizo: ngalawa zamatanga zikulowa kuchokera kunyanja, asodzi akuyanika maukonde, phiri la Kuanyin litafunda nkhungu kutsidya. Kenako anaima. Doko lakwawo linali pamenepo, mtengo wa kachere uli m'malo mwake. Koma kumunsi, cha kumanzere, kunali banga lofiirira ngati pomwe patayikira tiyi.

Mayi woyang'anira chipindacho, ataona pomwe Yueh-chiao akuloza, anamunong'oneza kuti bokosi la zithunzizo linalowa madzi a namondwe kalekale. Chomwe chinali pakonapo palibe akuchidziwa.

"Wangoti zii bwanji?" anafunsa Tien-sung. "Alipo?"

Yueh-chiao anayang'ana nkhope ya mchimwene wakeyo. Anali atameta ndevu m'mawawo mpaka kudzicheka, atavalanso jekete lomwe amasungira maukwati.

"Alipo, achimwene. Akumwetulira."

Mkuluyo anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu.

"Ngakhale bodza sudziwa kuphika. Amayi anali atafulatira. Nkhope sinajambulidwe."

Pamenepo misozi inamutsika Yueh-chiao, ndipo anamuuza zonse, za bokosi, za namondwe, za banga. Tien-sung anatsamira ndodo yake ndi manja onse.

"Madzi akatayika saoleka," anatero. "Nanga kachere alipo?"

"Alipo."

"Mwala wathyathyathya pansi pake?"

"Theka lake likuoneka."

"Ndi pamenepo. Anagwada pamenepo, tsitsi atalimanga ndi kansungwi, iwe uli m'mimba. Ankayimba molakwitsa mawu, azimayi anzawo n'kumawaseka. Ndipatse dzanja."

Yueh-chiao anatenga chala cha mchimwene wake n'kuchigunditsa pagalasi lotchinga chithunzicho, pamwamba pa bangalo. Woyang'anira uja anatsegula pakamwa kuti aletse, kenako anangoyang'ana kumbali.

Tien-sung anawerama monga amaweramira pamanda.

"Amayi, ndakubweretserani mwana munamusiya uja. Musadabwe imvi. Wakula kukuposani."

Awiriwo atatuluka, woyang'anirayo anabwera ndi kansalu kopukutira. Pagalasi panatsala chidindo cha chala, chaching'ono ngati mutu wa munthu wogwada patali. Anachiyang'ana kanthawi, kenako anapinda kansaluko n'kukabweza m'thumba.