Mkamwini Wosesa M'khola

Dainess anakwatiwa ndi mwamuna wosesa m'khola, ndipo mudzi wonse wa kumunsi kwa Chonde unkadziwa zimenezo. Asanapite kokathyola tiyi ku esiteti, a Jailosi ankayamba agwada kaye m'khola la nkhuku kuseri kwa nyumba, kuwola zitosi mosamala ngati mpunga wotayika. Ankazithira m'matumba, kusakaniza ndi phulusa ndi madeya, kuwaza timadzi, n'kumanga pakamwa kuti ziwolerane.

"Alamu athu akadali ndi chuma chawo chija?" amayi ankafunsa choncho kuchigayo. Dainess ankaseka nawo, koma mumtima munkawawa. Ndipo tisaname, fungolo linkamutopetsa nayenso.

Chomwe chinkamusowetsa mtendere kwenikweni chinali munda. Unali wa malemu mayi ake, ndipo chaka cha namondwe Freddy madzi anauthira mchenga. Zaka ziwiri zotsatizana chimanga chinkamasula chisanafike n'komwe m'chiuno. Amalume ake, a Bonface, omwe ankayang'anira minda ya mbumba, anagamula osaphethira.

"Chaka chino chokha, Dainess. Mukapanda kukolola, tibzalamo bulugamu. Inunso akamwini, munabwera ndi chikwama chokha kuno, musamatiphunzitse nthaka."

A Jailosi anangoti, "Ndamva, amalume." Kuyambira mu Ogasiti, akaweruka kuntchito ankakumba mayenje m'mundamo, lililonse kuthiramo manja awiri a manyowa aja n'kuphimba ndi mapesi. Anthu odutsa ankaima, kupukusa mitu, n'kumapita.

Mvula inabwera msanga, Okutobala asanathe. Phiri linaphimbika ndi mitambo masiku awiri, ndipo mvulayo inagwa ya mkokomo. Aliyense anati n'chizimalupsa chabe, wobzala tsopano ndi wotaya mbewu. Koma madzulo a tsiku lachiwirilo nkhuku zinapenga pabwalo, kudumphadumpha kutola ngumbi. A Jailosi anaziyang'ana kanthawi.

"Amayi, mawa tibzala. Ngumbi zikatuluka chonchi ndiye kuti nthaka yamwa."

"Nanga ikadula? Mbewu ndi yomweyi, bambo."

"Ikadula ndi pomwe tione ntchito ya nkhukuzi."

Anazitsekera m'khola kuti zingakafukule mbewu, ndipo m'mawa mwake anabzala awiriwiri m'mudzi monse muli zii, chimanga m'mayenje, nandolo pakati.

Mvula inaduladi. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, dzuwa lokhalokha loswa mtengo. A Bonface anadutsa pa njinga tsiku lina, n'kufuula osatsika.

"Akamwini! Mwabzala kapena mwakazinga?"

Dainess anamva kuseka kwa anthu kuchokera panjira, ndipo anakwiyira mwamuna wake, nkhuku zake, ndi matumba ake onunkha. Masana amenewo anapita kumunda yekha kuti akaone mmene munda wa mayi ake ukupitira. Timasamba tinali titapindika ndithu. Anagwada, kukankha mapesi, n'kupisa chala m'dzenje. Munali mozizira. Dothi linamamatira kuchala, lakuda, lachinyezi. Anapisa dzenje lachiwiri, lachitatu, mpaka anayamba kuseka yekha misozi ili mbwembwembwe.

Itabwereranso mvula pakati pa Novembala, anthu akuthamanga ndi makasu, chimanga cha Dainess chinali chitapitirira kale m'akakolo, chobiriwira ngati tiyi wa ku esiteti. Odutsa aja ankaimabe, koma mitu inasiya kupukusika.

Loweruka lina m'mawa a Bonface anafika ndi thumba lopinda m'khwapa. Anafunsa za ana, za mtengo wa feteleza, za njinga yawo yomwe inkavuta tcheni. Atatha nkhani zonse anakhosomola.

"Paja tizitosi tija timatsalako?"

A Jailosi, munthu waulemu, anali atadzuka kale kuti akatape. Dainess anawagwira malaya.

"Zaziwisi zimawotcha mbewu, amalume. Khalani pansi, akamwini akuphunzitseni kasakanizidwe kake."

A Bonface anayang'ana uku ndi uku, kenaka anakhala pa chigubu. Chitsiru chinaimba ng'oma, ochenjera navina. Anamvetsera mpaka kumapeto, kufunsanso kawiri za muyezo wa phulusa.

"Nanga bulugamu uja tiyembekezere liti?" anafunsa Dainess powaperekeza.

"Bulugamu wanji? M'munda wa mlongo wanga? Iwe, usamayankhule zachibwana."

Dainess anabwerera akuyenda monyadira. Anapeza mwamuna wake akufunafuna tsache, koma iye anali atalitenga kale. Anadikira mpaka amayi a kuchigayo aja atatulukira panjira ndi malichero awo, ndipo m'pamene anatsegula khola, kukwinya chitenje, n'kugwada.

"Mayi Jailosi, nanunso mwayamba?" anafuula mmodzi.

"Eya," anayankha Dainess osadzuka. "Ndikusesa chuma cha amuna anga."