Mabuleki a Pikapu ya Fanuel

"Mawilo ali kuti?"

Efulemu adafunsa uku akumenya ndi nsapato njerwa zimene zidachirikiza pikapu. Panali patangopita masiku atatu chiikireni m'manda mng'ono wake Fanuel. Galimotoyo idaima pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo ilibe mawilo.

Felesiya, mkazi wa malemuyo, adapitiriza kupinda mphasa za pamaliro.

"Mawilo ali m'nyumba, alamu."

"Nanga zitsulo za mabuleki? Mwayamba kale kugulitsa, dothi la pamanda lisanaume?"

"Adazichotsa eni ake asanagone pamphasa."

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Fanuel ankachita matola pakati pa Mitundu ndi Nathenje, masiku ena mpaka ku Nkhoma. Tsiku lina mu Febuluwale, akutsetsereka atanyamula odwala opita kuchipatala, adaponda mabuleki koma galimoto idangolira osaima, mpaka kukalowa m'munda wa chimanga. Palibe adavulala. Atafika pakhomo adamasula mawilo akutsogolo. Patangotha milungu iwiri, chifuwa chimene chinkamuvutitsa chidamugwetsa, ndipo sadadzukenso.

Martina, mlongo wa Fanuel, adatuluka kukhitchini akupukuta manja.

"Achimwene, musamataye nthawi ndi ameneyu. Galimoto ndi ya kwathu. Iwe udabwera pano ndi chitenje chimodzi."

"Chitenjecho ndichimene ndinkamupukutira magazi pakamwa," adayankha Felesiya. "Inu munali kuti?"

Efulemu adalavula pansi. Adapisa m'thumba la jekete natulutsa mapadi anayi a mabuleki, akale, okulungidwa m'nyuzipepala.

"Ndawapeza pamsika pa Mitundu. Achipani akufuna galimoto Loweruka kuti inyamule amayi ovina kumsonkhano, mavoti ayandikira. Fodya wanganso akuwolera m'chigafa. Bweretsani zitsulo zakalezo ndi kiyi."

"Kiyi ndilibe."

"Bodza!"

Adakali kukangana, panjira padatulukira bambo wokwera njinga, katoni yolemera itamangidwa pakaliyala. Anali Gilibati, makaniki wa ku Nathenje. Adatsika, kuvula chipewa, kugwada pang'ono pamaso pa Felesiya ndi kupepesa maliro. Uthenga udamupeza mochedwa, anali ku Lilongwe.

"Ndabweretsa katundu wa malemu," adatero.

Adamasula katoniyo. M'kati munali madisiki awiri atsopano, zitsulo zozungulira ngati mbale zimene mapadi amakanikiza kuti wilo liime, pamodzi ndi mapadi ake. Efulemu adanyamula chimodzi, nachiyeza m'manja.

"Zodula izi. Bwererani nazo. Mapadi ndagula kale."

Gilibati adatenga padi imodzi ya Efulemu, kuikanda ndi chala, n'kuibweza.

"Bambo, izi zidatha pagalimoto ina. Ndipo ngakhale zikanakhala zatsopano, madisiki akale aja adapyapyala, ali ndi mizere ngati munda wolimidwa. Akanazidya mwezi usanathe. Malemu adabwera nawo kwa ine, tidawayang'ana limodzi."

"Ndiye adakuuzani kuti mugule za galimoto ya nduna?"

"Ndidawaonetsa mitundu itatu. Otchipa adawakana. Panalinso mapadi ouma a anyamata othamangitsa galimoto, aja amagwira bwino akatentha. Adati ayi, galimoto yanga imadzuka m'mawa kukuzizira, itanyamula anthu. Adasankha awa. Onani mipata iyi pakati pa disiki. Mphepo imadutsamo, chitsulo sichipsa pamtsetse ngakhale mutalemedwa."

"Sindidabwere kudzaphunzira sukulu. Kiyi ali kuti?"

Gilibati adagwira thumba la ovolosi yake.

"Ali ndi ine."

"Patseni."

"Malemu adandiuza kuti ndisapatse munthu aliyense, ngakhale iwo eni, mpaka nditamanga izi ndi kuziyesa pamsewu."

Martina adaomba m'manja. "Mwaona? Adapangana awiriwa! Mkazi uyu ndi makaniki wake!"

Felesiya adaponya mphasa pansi.

"Alamu, tengani galimoto. Tengani ndi njerwa zomwe. Koma ikatuluka pano ndi zitsulo zanu za pamsikazo, ndikaima pa Mitundu tsiku la msika ndi kuuza mayi aliyense wofuna kukwera kuti akukwera bokosi la maliro. Masiku ano pakamwa padatseguka. Palibe adzanditsekere."

Efulemu adamuyang'ana. Kenako adatembenukira kwa Gilibati.

"Mangani. Msanga."

Ntchito idatenga masana onse. Felesiya adagubuduza yekha mawilo kuchokera m'nyumba, ndipo palibe adamuthandiza. Gilibati adapukuta madisiki, kuwamanga, kulowetsa mapadi, kenako adayendetsa galimoto mpaka kumsewu wa fumbi, akuima ndi kunyamuka kangapo kuti zitsulozo zizolowerane. Atabwerera adazimitsa injini koma sadatsike msanga.

"Masiku oyambawa musamaponde mwadzidzidzi," adatero.

"Ndidayamba kuyendetsa inu musanamere ndevu."

"Malemu adanenapo za kayendetsedwe kanuko."

Efulemu adaima. "Adanena chiyani?"

Gilibati adayang'ana Felesiya, ngati akupempha chilolezo, kenako adayang'ana chiwongolero.

"Tsiku losankha lija ankatsokomola kwambiri. Ndidati, bambo, bwanji osayamba mwapita kuchipatala, galimoto idikire? Adaseka. Adati, Gilibati, galimoto iyi ine sindidzaiyendetsanso. Ndikangotseka maso abwera achimwene anga kudzaitenga, ndipo iwo amayendetsa ngati akuthawa moto. Ali ndi ana asanu ndi awiri. Ikani zolimba."

Martina adabwerera kukhitchini. Felesiya adatola mphasa ija, osayang'ana munthu.

Efulemu adatambasula dzanja, koma Gilibati adati adikire kaye, kwatsala chinthu chimodzi chimene adauzidwa. Adatsika, kuwerama, kugwira kachitsulo ka pansi pa mpando, n'kuukankhira kumbuyo mpaka udalira kuti kha.

"Adati muli ndi miyendo yaitali, mawondo angamagunde chiwongolero."

Ndipo adaika kiyi pampandopo.