Benchi la Panja pa Ofesi ya Pulofesa

Mwana wanga Kinanthi anayamba kuonda ali m'chaka chomaliza cha digiri yake yachiwiri. Ndikamupakulira mpunga, ankangoutosatosa. Ine ndimakazinga tempe, chakudya chathu cha soya, tsiku lonse pamsika wa mumzinda wa Solo, nthawi yonyengerera munthu wamkulu ndilibe.

"Yankhula, wadwala?"

"Ayi, Amayi. Akuti ndikapanda kumaliza kafukufuku wanga teremu ino, andichotsa payunivesite."

"Nanga chikuvuta n'chiyani? Si umapita m'mawa uliwonse?"

"Ndimapita. Ndimakhala pabenchi panja pa ofesi ya Pulofesa wondiyang'anira. Akamadutsa ndimawerama, iwo amangogwedeza mutu n'kutseka chitseko."

"Osagogoda?"

"Amayi inu! Ndiwasokoneze a Pulofesa?"

Kwathu kuno wamng'ono sayamba kuyankhula kwa wamkulu, amadikira kuitanidwa. Koma miyezi yonseyo pabenchi!

Ndinamukoka dzanja mpaka kwa aneba athu, Mayi Endang, amene amagwira ntchito kuofesi yothandiza ophunzira a madigiri apamwamba.

"Benchi limenelo ndikulidziwa," anatero Mayi Endang, osaseka. "Lathetsa ana ambiri. Mwanawe, kukumana ndi wokuyang'anira ndi ufulu wako, si chifundo chawo. Ofesi yathu imakonza tsiku loti mukumane. Tilinso ndi gulu la Lachitatu, kumene ophunzira amayeserera kuyankhula pamaso pa akuluakulu. Sunamvepo?"

"Ndinkayesa n'za anzeru okhaokha."

"Nanga iwe kumeneko ndiwe mphaka wa pasukulu?" ndinamufunsa.

Tsiku loyamba kugululo anabwerako akulira, akuti mawu anamuthawa. Sabata yotsatira anapitanso. Kenako tsiku lokumana ndi a Pulofesa linakwana, ndipo anagogoda.

"Kodi umadikira ine?" anadabwa a Pulofesa. "Ndimayesa ukudikira mnzako."

Kinanthi anamaliza kafukufuku wake teremu itatsala pang'ono kutha. Mnzake wa pabenchi lomwelo, Sekar, sanamalize, anabwerera kwawo chimanjamanja. Mayi ake amagulitsa masamba pafupi nane, ndipo za sukulu sitikambirana.

Pano Kinanthi ndiye amatsogolera gulu la Lachitatu. Asanayambe, amazungulira mabenchi onse kuitana amene akudikira.

Makolo anzanga, mwana kufika pamaphunziro apamwamba sikuti wasiya kufuna thandizo. Muzimufunsa, ndipo akamavutika apite kuofesi yothandiza ophunzira nthawi isanathe. Ulemu ndi wabwino, koma kuwerama sikutsegula chitseko. Agogode.