Filimu ya Moyo wa a Overtone

A Hilda Chitsonga anavomera kuti moyo wa amuna awo ujambulidwe chifukwa ankaganiza kuti filimuyo idzangokamba zakale. A Overtone anasewera mafilimu ambiri ku Blantyre, nthawi ija anthu ankalimbirana ma DVD mumsika wa Limbe. Atasamukira ku Scarborough, dera la mumzinda wa Toronto, ankapezabe timbali ting'onoting'ono pa TV: lero dalaivala wa takisi, mawa m'busa, mwina dokotala wongonena mawu awiri. Wojambulayo anali Mathilda, mtsikana wa ku Chipata amene anaphunzira za mafilimu ku Toronto konkuno. Ankabwera ndi kamera Loweruka lililonse, n'kumawatcha atate ndi amai.

Kujambula kuli mkati, a Overtone anayamba kuiwala. Poyamba anali makiyi, kenako mayina a anthu akutchalitchi, mpaka tsiku lina anasochera pochokera kogula mkaka. Dokotala anati ndi matenda oiwala aja obwera ndi ukalamba, ndipo sapola. A Hilda ankagwira ntchito yosamalira okalamba, moti ankadziwa kumene matendawa amakathera. Anangouza mwana wawo Sungeni basi. Kutchalitchi ankati bambo angotopa. Ankaopa manong'onong'o, ankaopanso kuti ena ayamba kunena kuti pali dzanja la munthu.

Loweruka lina Mathilda anapempha a Overtone kuti anene mawu a mufilimu yawo yotchuka, amene kale ankawanena ngakhale ali m'tulo. Anayamba bwino, kenako anangoima. Anatembenukira kwa akazi awo n'kufunsa kuti mtsikana wa kamerayu ndi mwana wa ndani. A Hilda anaperekeza Mathilda mpaka pa lifiti n'kumuchonderera kuti gawo limenelo alifafanize. Iye anayankha mwaulemu kuti akambirana kaye ndi atate, popeza nkhaniyo ndi yawo. Kuyambira pamenepo a Hilda mtima sunakhale m'malo.

Filimuyo anaionetsa masana ena chipale chofewa chikusungunuka, m'kaholo ka m'tauni. Amalawi ndi a ku Zambia anadzaza mpaka ena kuimirira. Poyamba anthu ankangoseka kuona a Overtone ali mnyamata, atavala jekete lalikulu kuposa mwini wake, akuthamangitsa minibasi ku Ndirande. Kenako panatuluka balaza la kunyumba kwawo, ndipo a Hilda anazindikira Loweruka lija. Anagwira dzanja la Sungeni, maso pansi. Anamva amuna awo akufunsa funso lija pamaso pa mpingo wonse.

Koma gawolo silinathere pamenepo. Panaoneka a Overtone ali okha patebulo la kukhitchini, m'mawa wina akazi awo ali kuntchito, nzeru zili bwinobwino.

"Mwanawe, chimene chija usachotse," anatero akuyang'ana kamera. "Mutu wangawu wayamba kutaya zinthu. Amayi a Sungeni akubisa kuti anditeteze, ndipo akuonda nazo. Ndakhala ndikusewera anthu ena moyo wanga wonse. Uyu yekha ndikufuna amuone mmene alili."

A Hilda anatchera khutu kudikira kunong'ona, koma anangomva wina kumbuyo akumina. Magetsi atayaka anthu anaimirira n'kuwomba m'manja nthawi yaitali, a Overtone akuwerama monyadira ngati masiku awo akale.

Woyamba kufika pa a Hilda anali a Olivia Zulu, namwino wa ku Lusaka amene ankapemphera nawo limodzi, ndipo pakamwa pawo ndi pamene a Hilda ankaopa kwambiri. A Olivia anawakumbatira n'kuwauza chapansipansi kuti bambo awo owabereka anamwalira ndi matenda omwewo, banja likuwatsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi, ndipo mpaka lero zimawapweteka.

"Amai, mwasenza nokha mokwanira," anatero. "Mundiuze masiku amene muli pa shifiti. Lachiwiri ndizibwera ine. Amuna anga a Davies azidzatenga bambo kokayenda."

Enanso anayamba kutchula masiku awo. A Hilda anangopuma mpweya wautali n'kukhala pansi. Mathilda atabwera mwamantha kudzapepesa kuti sanawachenjeze, iwo anamugwira m'manja onse awiri n'kumuuza kuti wachita bwino, ndipo asasiye kubwera kunyumba ngakhale alibe kamera.

Pobwerera mu sabuwe, sitima yoyenda pansi pa nthaka ija, Sungeni ankauza bambo ake m'Chingerezi kuti lero ndiye aonetsa kuti ndi katswiri. A Overtone anavomera, koma anadandaula kuti mtsikana uja anawajambula mbali yakumanzere, imene mphuno yawo imaoneka yopindika, chinthu chimene sanalolepo wojambula aliyense ku Blantyre. A Hilda anaseka mpaka misozi. Kenako anatsamira paphewa la amuna awo, tulo n'kuwaba, moti Sungeni anachita kuwagwedeza sitima itafika pa siteshoni ya Kennedy.